Maloto ndi Zenizeni pa Tsamba Limodzi: Kuthawa Moyo m'Mabuku a Nkhani za Zithunzi

Buku la nkhani ya zithunzi, lomwe pa Chingerezi limatchedwa graphic novel, limasimba nkhani yaitali kudzera m'zithunzi zojambula pamanja zoikidwa m'timabokosi totsatizana, mawu a anthu atalembedwa m'timatumba totuluka pakamwa pawo. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka makatuni a m'nyuzipepala, monga Pewani wa Brian Hara amene Amalawi ambiri anakula akumuwerenga, kungoti nkhani yake imadya masamba 100, 200 kapena kuposa apo, ndipo kawirikawiri amalembera akuluakulu. Chiyambire, mabuku amtunduwu akhala akuimbidwa mlandu umodzi: akuti ndi pothawira anthu amene safuna kulimbana ndi mavuto a moyo, choncho amakabisala m'dziko la ngwazi zouluka ndi zilombo zoyankhula.

Mlanduwu sungazengedwe bwino popanda kumvetsa kaye chimene chimasiyanitsa luso limeneli ndi maluso ena. M'kanema, munthu weniweni ndi chilombo chopangidwa pa kompyuta amachokera kosiyana, ndipo diso lozolowera limaona msoko. M'buku la mawu okhaokha, wolemba amangonena kuti uje anagona n'kulota. Koma pa tsamba lojambulidwa, desiki ya m'kalasi ndi chinjoka cholavula moto zimatuluka m'cholembera chimodzi ndi inki imodzi, ndipo palibe chimene chimaoneka choona kuposa chinzake. Pali chinanso. Scott McCloud, m'buku lake la mu 1993 lotchedwa Understanding Comics, anaonetsa kuti mbali yaikulu ya nkhani imachitikira mu mpata woyera umene uli pakati pa kabokosi kena ndi kanzake. Akaona nkhwangwa itakwezedwa m'kabokosi koyamba, kenako mfuu m'kachiwiri, wowerenga ndiye amamenyetsa nkhwangwayo m'mutu mwake. Motero amakhala akuyerekeza pa tsamba lililonse, ngakhale nkhaniyo ikhale ya zinthu zimene zinachitikadi. Wojambula aliyense amayenera kusankha yekha pamene aike malire a maloto ndi zenizeni, ngati akufuna kuwaika n'komwe.

Njira yakale kwambiri yoikira malirewo inaoneka mu 1905, pamene Winsor McCay anayamba kujambula Little Nemo in Slumberland m'nyuzipepala ya New York Herald. Lamlungu lililonse kamnyamata kotchedwa Nemo kankalowa m'dziko la kutulo, kumene bedi limamera miyendo yaitali n'kuyamba kuyenda m'misewu, ndipo timabokosi tomwe timatalika motsatira miyendoyo. Kabokosi kotsiriza ndiko kankabwera kofanana sabata ndi sabata: Nemo wadzuka m'chipinda chake, nthawi zambiri atagwa pa bedi. Wowerenga ankalowa m'malotowo akudziwa kale khomo lotulukira.

Ngwazi zamphamvu zodabwitsa zinachotsa khomo limenelo. Superman anatulukira mu 1938 m'magazini ya Action Comics, imene inkagulidwa pa mtengo wa masenti 10. Amene anamupeka, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anali anyamata a ku Cleveland, ana a Ayuda amene anasamuka ku Ulaya, ndipo anakula m'nyengo imene chuma cha America chinagwa mpaka pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito anali pa ulova. Bambo ake a Siegel anamwalira mu 1932 akuba atalowa m'sitolo yawo. N'zosadabwitsa kuti anyamata oterewa analota za munthu amene chipolopolo sichimulowa. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti Superman wa zaka zoyambirira sankamenyana kwenikweni ndi zilombo zakuthambo. Adani ake anali mwamuna womenya mkazi wake, andale a ziphuphu, ndi mwini mgodi amene sasamala za moyo wa antchito ake. Captain America, wa Joe Simon ndi Jack Kirby, anaoneka pa chikuto cha magazini yake yoyamba akumenya Hitler chibakera, patatsala pafupifupi chaka chathunthu kuti America ilowe m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Maloto amenewa anali ndi adani enieni, odziwika maina ndi ntchito zawo. Siegel ndi Shuster eni ake anagulitsa umwini wa Superman pa madola 130 okha.

Nkhondo itatha, makolo, atsogoleri a mipingo ndi aphunzitsi ku America anaukira makatuni, moti m'matauni ena ana asukulu anawaunjika n'kuwatentha poyera. Mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo Fredric Wertham anatulutsa buku lotchedwa Seduction of the Innocent, limene linkanena kuti makatuni a zaumbanda ndi zoopsa akusokoneza ana ndi kuwaphunzitsa uchigawenga. Chaka chomwecho komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate inaitana mboni pa nkhaniyi, ndipo osindikiza, poopa kuti boma liwaikira lamulo, anadzipangira okha bungwe lotchedwa Comics Code Authority. Malamulo ake ankati chabwino chizigonjetsa choipa nthawi zonse, ndipo apolisi, oweruza ndi akuluakulu a boma asamaonetsedwe m'njira yowachotsera ulemu. Zotsatira zake zinali zosemphana ndi zimene odandaula aja ankafuna. Nkhani zokhudza katangale, tsankho ndi imfa zinachepa kwambiri, ndipo m'malo mwake munadzaza nkhani zopepuka za ngwazi zoyendera mapulaneti. Kuthawa kwenikweni, kosakhudza chilichonse cha m'moyo, kunakula makamaka chifukwa cha anthu amene ankati akuteteza ana. Bungweli linafooka pang'onopang'ono mpaka osindikiza otsiriza analisiya mu 2011.

Ofufuza za nkhani zongoyerekeza amakonda kubwerera ku mfundo imene J. R. R. Tolkien anaipereka mu 1939 pa yunivesite ya St Andrews ku Scotland. Iye sankanena za makatuni koma za nthano, komabe mfundo yake imagwira ntchito kuno. Anati anthu amasokoneza kuthawa kwa mitundu iwiri: kwa mkaidi amene akufuna kutuluka m'ndende, ndi kwa msilikali amene wasiya anzake pa nkhondo. Mkaidi akamaganiza za kwawo sanalakwe, ndipo dziko la kunja silinasiye kukhalako chifukwa chakuti iye sakuliona. Mfundoyi ndi yothandiza, ngakhale ili ndi polekezera pake, chifukwa munthu wothawa nthawi zambiri sadziwa kuti iyeyo ndi mkaidi kapena msilikali. Mabuku a zithunzi opambana kwambiri amakhazikika pa kusadziwa kumeneku.

Dzina lakuti graphic novel linafala kuyambira mu 1978, pamene Will Eisner anatulutsa A Contract with God, nkhani za amphawi okhala m'nyumba zalendi ku Bronx. Koma buku limene linasinthiratu maganizo a anthu ndi Maus la Art Spiegelman, limene gawo lake loyamba linatuluka mu 1986 ndipo lachiwiri mu 1991. Spiegelman ankapita kwa bambo ake, a Vladek, ku Rego Park mu mzinda wa New York, n'kumajambula mawu awo pa tepi pamene ankasimba mmene anapulumukira ku msasa wa Auschwitz, pa nthawi imene chipani cha Nazi chinapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Nkhani yonse ndi yoona, koma Ayuda anawajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, anthu a ku Poland ngati nkhumba, ndipo a ku America ngati agalu.

Wowerenga amene anakula akumva nthano za Kalulu ndi Fisi sangadabwe ndi njirayi, pakuti amadziwa kuti Fisi wa m'nthano ndi munthu wadyera wa m'mudzi momwemo amene sangatchulidwe dzina pabwalo. Nkhope ya nyama imalola kuti chinthu chovuta kunena chinenedwe. Mu Maus imathandizanso diso kupirira: mitembo ya mbewa yolendewera pa chingwe munthu angathe kuiyang'ana kwa nthawi yokwanira kuti amvetse chimene akuona, pamene chithunzi cha anthu enieni chikanamuthamangitsa pa tsambalo. Koma Spiegelman anali ndi cholinga china chakuya. A Nazi ndiwo ankafanizira Ayuda ndi makoswe m'makanema ndi m'nyuzipepala zawo, choncho iye anatenga bodza lawolo n'kulivala dala kuti liphwasuke lokha. Myuda akamadzibisa pakati pa anthu a ku Poland, amajambulidwa atavala chigoba cha nkhumba chomangidwa ndi kachingwe kumbuyo kwa mutu. Kumayambiriro kwa gawo lachiwiri, wojambulayo akulimbana ndi funso lakuti mkazi wake Françoise, Mfalansa amene analowa Chiyuda, amujambule ngati nyama yanji. Patsogolo pake akudzijambula yekha ngati munthu wovala chigoba cha mbewa, atakhala pa tebulo lake lojambulira pamwamba pa mulu wa mitembo, atolankhani akumufunsa za kutchuka kwa buku lake. Chilichonse mwa zimenezi chimakumbutsa wowerenga kuti kugawa anthu m'mitundu ngati nyama ndi nkhambakamwa, ndipo kuti nkhambakamwa imeneyo inapha anthu enieni.

Chakumapeto kwa bukuli kuli chithunzi chenicheni cha a Vladek, cha kamera, atavala yunifolomu ya mizeremizere ya akaidi. Munthu angaganize kuti apa ndiye zenizeni zafika. Koma a Vladek akufotokoza okha kuti chithunzicho anajambulitsa atamasulidwa kale, pa malo ojambulira amene anali ndi yunifolomu yatsopano yoyera bwino yobwereketsa ofuna chikumbutso. Mbewa zojambula pamanja zikunena zoona zambiri za Auschwitz kuposa chithunzi cha kameracho. Nyuzipepala ya New York Times itaika gawo lachiwiri pa mndandanda wa nkhani zopeka, Spiegelman anailembera kalata yodandaula, ndipo inalisamutsira ku mndandanda wa nkhani zoona. Mu 1992 bukuli linalandira mphoto yapadera ya Pulitzer.

M'zaka zomwezo, 1986 ndi 1987, Alan Moore ndi Dave Gibbons anatulutsa Watchmen m'magawo 12. Iwo anatembenuza funso: kodi zikanakhala bwanji ngwazi zovala zigoba zikanakhalakodi? Yankho lawo silosangalatsa. Ngwazi zawo ndi anthu osweka mitima, ena ankhanza, ena osungulumwa, amene chigoba chimawathandiza kuthawa moyo wawo womwe. Mmodzi yekha amene ali ndi mphamvu zenizeni, Doctor Manhattan, atatopa ndi anthu akungonyamuka kupita ku Mars dziko lili pafupi kulowa m'nkhondo ya mabomba a nyukiliya. Pakati pa zonsezi pali mnyamata amene amakhala pa malo ogulitsira nyuzipepala ku New York akuwerenga katuni ya achifwamba a panyanja, osalabadira mitu ya nkhani yoopsa imene yamuzungulira. Katuni yakeyo imasimba za mmalinyero amene akuyandama pa mitembo ya anzake pothamangira kukapulumutsa banja lake, koma mantha akumusandutsa wakupha. Mawu a katuniyo amalowerera m'timabokosi ta mumsewu mpaka wowerenga amazindikira kuti ndi nkhani imodzimodzi ndi ya Adrian Veidt, amene akukonza zopha anthu mamiliyoni pofuna kuletsa nkhondo. Mnyamata uja akufera pomwepo, limodzi ndi wogulitsa nyuzipepala.

Gulu lina lalikulu la mabukuwa limasimba za ana, chifukwa mwana ndiye mkaidi amene alibe kothawira kwina kupatula m'mutu mwake. Mu Persepolis, limene Marjane Satrapi analitulutsa m'Chifalansa pakati pa 2000 ndi 2003, kamtsikana ka ku Tehran kamacheza ndi Mulungu usiku, wojambulidwa ngati nkhalamba ya ndevu zoyera imene imakafungatira. Boma limene linabwera ndi kusintha kwa mu 1979 litapha a Anoosh, m'bale wa bambo ake, mtsikanayo akuthamangitsa mlendo wake wausikuyo, ndipo tsamba lotsatira likumuonetsa akuyandama yekha mumdima wakuthambo. Pambuyo pake bomba litagwetsa nyumba ya anansi awo, iye akuona chibangili cha mnzake m'zigumukire, ndipo kabokosi kotsatira n'kakuda bii. Apa Satrapi anaona kuti ngakhale cholembera chili ndi pamene chimalephera. David B., m'buku lofotokoza za khunyu la mkulu wake Jean-Christophe, limene linatuluka m'magawo 6 kuyambira 1996 mpaka 2003 ndipo pa Chingerezi limatchedwa Epileptic, anajambula matendawo ngati chinjoka chimene chimazenga thupi la wodwalayo ndi kutsatira banja lonse pamene makolo akuyendayenda kwa madokotala, kwa odziwa za zakudya ndi kwa oyankhula ndi mizimu. Mng'onoyo amathawira m'zithunzi za nkhondo za Genghis Khan n'kudzijambula atavala zida zachitsulo. Zidazo zimamuteteza ku chisoni, koma zimamuumitsanso mtima kwa mkulu wake, ndipo bukuli silibisa zimenezo.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kwambiri mmene luso limeneli limagwirira ntchito ndi I Kill Giants la Joe Kelly ndi J. M. Ken Niimura, limene linatuluka m'magawo 7 mu 2008 ndi 2009. Barbara Thorson ndi mtsikana wa kupulayimale amene amavala makutu a kalulu, amayankha aphunzitsi mwachipongwe, ndipo amauza aliyense kuti ntchito yake ndi kusaka ndi kupha zimphona. Amayenda ndi kachikwama kamene amati muli nyundo yankhondo yotchedwa Coveleski. Amatchera misampha m'mphepete mwa nyanja ndi kuwerenga malodza m'mitambo. Kunyumba, mkulu wake Karen ndiye akusamalira banja, ndipo pali chipinda china pamwamba pa masitepe chimene Barbara safuna ngakhale kuchiyang'ana. Niimura amajambula masitepewo mwa mdima ndi moopsa ngati phanga la chilombo. Anthu akamatchula chimene chili m'chipindamo, mawu awo m'timatumba tija amakhala atakhwatchidwa ndi inki yakuda, moti wowerenga samva chimene Barbara wakana kumva. Iyi ndi njira imene kanema kapena buku la mawu okhaokha silingaichite mofanana, chifukwa wowerenga akuona ndi maso ake malo enieni pamene choonadi chafufutidwa.

M'chipindamo muli mayi ake, amene akudwala khansa ndipo atsala pang'ono kumwalira. Chimphona ndi imfa imene mwanayo waipatsa thupi kuti apeze chomenya. Namondwe atafika, chimphona chikutulukadi m'nyanja, Barbara akulimbana nacho, ndipo chimene akuphunzira kwa icho n'chakuti sichinabwerere mayi ake ndipo kuchigonjetsa sikuwachiritsa. Zitatha izi akukwera masitepe aja n'kukakhala pambali pa mayi ake masiku amene atsala. Olembawo sanena motsimikiza ngati chimphonacho chinaliko kapena chinali mphepo yamkuntho chabe, ndipo anachita bwino kusanena. Akanati chinali chabodza, ndiye kuti mwanayo anali wodwala mutu basi. Akanati chinali chenicheni, khansa ikanasanduka nkhani yaing'ono. Maloto a Barbara anamuchedwetsa kufika kwa mayi ake, koma ndi omwewonso anamupatsa mphamvu zokafikira.

Si onse amene amabwerako. Mu Deogratias, la mu 2000, wojambula wa ku Belgium Jean-Philippe Stassen akusimba za mnyamata wa Chihutu pambuyo pa kuphana kwa mu 1994 ku Rwanda, kumene anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku ngati 100. Mnyamatayo amayendayenda ndi zovala zong'ambika akupempha mowa wa nthochi, ndipo zimene anaona ndi zimene anachita zikamubwerera, thupi lake limasintha pa tsamba n'kukhala galu, nyama imene inkadya mitembo m'masiku amenewo. Kusandulika kumeneku sikumupumuza. Ndi chilango chimene maganizo ake amupatsa, ndipo bukuli limatha iye asanachire.

Mabuku onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: wowerenga amasiyiridwa chizindikiro, kaya chigoba, kaya mawu okhwatchidwa, kaya kabokosi kakuda, chomuuza kuti pali chinthu chimene chikuthawidwa. Choopsa chenicheni chili m'mabuku amene amagulitsa maloto ngati zoona. Tintin au Congo la Hergé linayamba kutuluka mu 1930 m'nyuzipepala ya ana ya Le Petit Vingtième ku Brussels, wojambulayo asanapondeko ku Congo. Mulibe chinjoka kapena chimphona. Muli sitima, galimoto, sukulu ya mishoni ndi nyama zakutchire, zonse zojambulidwa mwaukhondo ngati lipoti la mtolankhani. Koma anthu a ku Congo akuoneka ngati ana aulesi ndi amantha amene akudikira mzungu wachinyamata kuti awaweruzire milandu, ndipo za ntchito yakalavulagaga ya m'nthawi ya atsamunda mulibe ngakhale pang'ono. Awa anali maloto a Belgium onena za iyo yokha, ndipo ana ambirimbiri anawawerenga ngati phunziro la za Africa. Polijambulanso mu 1946, Hergé anasintha tsamba limene Tintin ankaphunzitsa ana a ku Congo kuti dziko lawo ndi Belgium n'kuikapo phunziro la masamu, koma nkhope ndi makhalidwe a anthuwo zinatsala momwemo. Mu 2012 khoti la ku Brussels linakana pempho la Bienvenu Mbutu Mondondo, nzika ya Congo, loti bukuli liletsedwe.

Wakanda, dziko la Black Panther limene Stan Lee ndi Jack Kirby analipeka mu 1966, ndi maloto a Africa nawonso, opekedwa ndi anthu a ku New York, koma awa sabisa kuti ndi maloto. Palibe amene amafunafuna Wakanda pa mapu. Amene amalikonda amadziwa kuti akuyerekeza za Africa imene sinalamulidwepo ndi atsamunda ndipo chuma chake cha pansi pa nthaka chinatsala m'manja mwa eni ake, ndipo kukoma kwa malotowo kumachokera pa kudziwa kuti mbiri yeniyeni sinayende choncho.

Njira yachitatu yosimbira za Africa ndi ya Marguerite Abouet, amene anabadwira ku Abidjan, ndi wojambula Clément Oubrerie. Aya de Yopougon, limene gawo lake loyamba linatuluka mu 2005 n'kupata mphoto ku chikondwerero cha makatuni cha ku Angoulême mu 2006, limasimba za atsikana atatu a ku Yopougon chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970: Aya amene akufuna kudzakhala dokotala, ndi anzake Adjoua ndi Bintou amene mitima yawo ili ku madansi. Muli mimba yosayembekezeka, bambo wa chibwenzi chamseri, mwana wa bwana wa kampani ya mowa amene ndi chitsiru, ndi miseche ya m'makomo. Abouet ananena poyera kuti anatopa ndi Africa ya nkhondo ndi njala yokhayokha imene ankaiona m'nyuzipepala za ku France. Kwa wowerenga wa ku Ulaya amene anazolowera zithunzi zimenezo, Yopougon ya Aya ingaoneke ngati dziko lopeka losangalatsa mtima. Kwa wowerenga wa ku Ndirande kapena ku Kawale mulibe chachilendo, ndipo pa mabuku atatu onena za Africa amene atchulidwa kumapetowa, ili lokha ndi limene angawazindikiremo anansi ake.